Tiyi Woima M'malere: Luso la Zithunzi Zokhavukira ndi Anthu a M'minda ya Thyolo

Pali mtundu wa chithunzi umene wafala masiku ano pa Facebook, pa mapositala a oimba ndi pa zikwangwani zotsatsa zakumwa. Munthu waima kapena wakhala, nkhope ili phee, koma momuzungulira madzi, mkaka kapena juwisi wakhavukira m'mwamba n'kuima pomwepo, dontho lililonse likuoneka palokha. Pena madziwo akulunga paphewa, pena aphulika kuchokera m'kapu imene munthuyo wagwira, pena asanduka chovala chathunthu. Woona amadziwa kuti sizinachitike momwe zikuonekeramo, koma maso ake amavomera. Chithunzi chotere sachijambula kamodzi. Ndi zithunzi zingapo, nthawi zina makumimakumi, zosanjikizidwa pa kompyuta: china cha munthu, zina za madzi, china cha malo okhaokha popanda munthu.

Luso limeneli likafika ku Thyolo, chakumwa choyenera kuuluka m'chithunzi sichichita kufunsa. Ndi tiyi. Kuchokera ku Bvumbwe kudutsa pa Thunga mpaka ku Makwasa, minda yobiriwira yayala mapiri ndi zigwa: Satemwa, imene Maclean Kay wa ku Scotland anayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Nchima, Makandi, ndi minda ya Eastern Produce. Makamera anafikako kale. Akwati amakajambulitsa pakati pa mizere ya tiyi, alendo ogona ku Huntingdon House amajambula othyola masamba m'mamawa, makampani amafuna zithunzi zoika pa mapaketi. Zambiri mwa zithunzizi n'zofanana: munda, phiri, mayi wobereka dengu. Chimene sichioneka kawirikawiri ndi chakumwa chenichenicho, chikhalirecho ndicho chimene ogula akunja amatsata.

Tiyi wambiri wa ku Malawi amapita ku Britain ndi ku South Africa, kumene amakamusakaniza ndi tiyi wa mayiko ena asanamuike m'timatumba toviika m'kapu. Osakanizawo, kaya agula pa okushoni ya ku Limbe kaya mwachindunji ku esiteti, amamufuna makamaka chifukwa cha mtundu wake: kufiira kowala kumene kumatuluka msanga madzi otentha akangothiridwa. Kufiira kumeneku kumapangika m'fakitale, masamba odulidwa akamalowedwa ndi mpweya n'kusintha kuchoka pobiriwira kupita pofiirira. Pamenepo m'pamene pamabadwa zinthu zotchedwa theaflavin ndi thearubigin, zimene zimapatsa tiyi kuwala ndi kuzama kwa mtundu. Ndiye kwa wojambula, Thyolo ali ndi chinthu chimene situdiyo ya ku London kapena ku Johannesburg iyenera kuchita kuitanitsa. Ndipo mfundo yanga m'nkhani yonseyi ndi yakuti chithunzi cha tiyi wokhavukira chimakoma kapena kuipa kompyuta isanayatsidwe n'komwe, malinga ndi kuwala kumene tiyiyo anajambulidwamo komanso mmene munthu wa m'chithunziyo anafikiridwa.

Tiyambe ndi chifukwa chake madzi amavuta kujambula. Dontho logwa kuchokera pamtunda wa mita imodzi limafika pansi likuthamanga mamita pafupifupi 4.4 pa sekondi. Shata ya kamera ikatseguka kwa 1/250 ya sekondi, nthawi imene ndi yokwanira bwino kujambula munthu woyenda, dontholo limakhala litasuntha pafupifupi masentimita awiri. Pachithunzi silionekanso ngati dontho koma kamzere kachimbuuzi. Pa 1/4000 limasuntha milimita imodzi ndi pang'ono. Pa 1/10000 silikwanitsa ngakhale theka la milimita, ndipo pamenepo diso limaliona litaima nji. Madzi oponyedwa ndi dzanja amatha kuthamanga kuposa pamenepa.

Anthu akhala akulimbana ndi vutoli kwa zaka zoposa 100. Arthur Worthington wa ku England anajambula madontho akugwa pogwiritsa ntchito kuthetheka kwa magetsi m'chipinda chamdima m'zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1908 anatulutsa buku lotchedwa A Study of Splashes. Harold Edgerton wa pa sukulu ya MIT ku America anapititsa patsogolo fulashi yong'anima mofulumira kwambiri, ndipo chithunzi chake cha dontho la mkaka lopanga chisoti chachifumu, cha mu 1957, chikudziwikabe mpaka lero. Onse awiri anapeza chinthu chimodzi: mumdima, choimitsa madzi si shata koma kufupika kwa kung'anima. Kuika munthu pamodzi ndi madziwo ndiye inali nkhani ina. Mu 1948 Philippe Halsman anajambula Salvador Dalí akudumpha, amphaka atatu ndi madzi a m'ndowa zili m'malere. Anabwereza maulendo oposa 20, ulendo uliwonse kukolopa pansi, kugwira amphaka ndi kupita kukatsuka filimu kuti aone ngati zatheka. Kusanjikiza zithunzi nako n'kwakale. Oscar Rejlander analumikiza manegativu oposa 30 kupanga chithunzi chimodzi mu 1857. Kompyuta sinayambitse nzeruyi, inangoipeputsa. Photoshop anatuluka mu 1990, ndipo mu 1994 anabweretsa ma layer, njira yoika chithunzi pamwamba pa chinzake popanda kuononga chapansicho. Kuchokera pamenepo munthu sakufunikanso kudumpha nthawi imodzimodzi ndi madzi.

Ntchito imayamba ndi munthu, ali wouma. Kamera imakhazikidwa pa thiraipodi ndipo sisunthanso mpaka zonse zitatha. Izi zimaoneka zazing'ono koma ndiye msana wa ntchito yonse, chifukwa kamera ikasendera pang'ono pokha, mizere ya tiyi ya m'chithunzi choyamba sidzakumananso ndi ya chachiwiri. Fokasi imatsekeredwa pa manual, lenzi imasiyidwa pa f/8 kapena f/11 kuti madontho apafupi ndi apatali onse aoneke bwino, ndipo white balance saisiya pa auto, kuopa kuti mtundu ungamasinthesinthe pakati pa zithunzi. Wojambulidwayo amauzidwa kumene tiyi adzachokere, kuti maso, phewa ndi dzanja zigwirizane ndi chinthu chimene sichinabwere. Akatha, amachoka, ndipo wojambula amatola chithunzi cha malowo opanda munthu. Chimenechi chidzathandiza kufufuta dzanja la woponya tiyi ndi jagi yake.

Kenako pamalo pamene munthu anaima pamaikidwa chinthu chomuimira. Ena amabwereka chidole choonetsera zovala m'sitolo, ena amakulunga chidebe ndi nsalu yakuda n'kuchikweza pampando kufika msinkhu wa phewa. Cholinga n'chakuti tiyi akagunde chinthu chozungulira n'kupindika monga momwe akanapindikira pathupi. Woponya amaima pambali ndi kapu, jagi kapena beseni laling'ono. Chiwiya chilichonse chimatulutsa maonekedwe ake: kapu imapereka mchira wautali wopyapyala, beseni limayala tiyi motambalala, mbale yosaya imamwaza timadontho. Dzanja silikankha molunjika. Limayenda monga la mayi amene akupeta m'lichero, kukweza n'kubweza pang'ono kumapeto, kuti tiyi atambasuke asanaduke. Wojambula amawerenga mokweza, winayo n'kuponya, ndipo zambiri zimatuluka zoipa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa zithunzi zochuluka amasankhapo zochepa, china chifukwa cha mchira wake, china chifukwa cha madontho ake, china chifukwa chagunda phewa pamalo oyenera.

Apa m'pamene tiyi amaonetsa khalidwe lake, ndipo ndi gawo limene maphunziro ambiri a pa intaneti salikhudza, poti amaphunzitsa ndi madzi kapena mkaka. Mkaka ndi wosavuta chifukwa kuwala sikudutsa mkati mwake. Umakhala ndi thupi, umaudula n'kuumata. Madzi alibe mtundu, amangoonetsa zimene zili kuseri kwake. Tiyi wopanda mkaka ali pakati. M'kapu amaoneka wofiira kwambiri chifukwa kuwala kukudutsa m'tiyi wakuya. Akayalika m'malere n'kupyapyala, kufiira kuja kumazilala, amatsala wachikasu chotumbuluka. Wojambula akaona zimenezi amathira masamba ambiri kuti akhale wamphamvu. Koma tiyi wamphamvu akazizira amachita chimbuuzi, chifukwa kafini amagwirana ndi zinthu zopatsa mtundu zija. Olawa tiyi m'mafakitale amachidziwa bwino chizindikiro chimenechi, ndipo kwa iwo si choipa, chimasonyeza mphamvu. Kwa kamera n'choipa, chifukwa tiyi amaoneka ngati madzi a matope. Ndiye pamafunika tiyi wamphamvu koma wofunda chabe, wosefedwa bwino, wosaikidwa mu firiji, ndipo akayamba kuchita chimbuuzi amamuthira madzi otentha pang'ono kuti ayerenso. Wotentha kwenikweni sayenera kuponyedwa pamalo pamene pali anthu. Nthunzi, ngati ikufunika, imajambulidwa payokha.

Kufiira kwa tiyi kumaoneka kuwala kukachokera kumbuyo kapena cham'mbali, kudutsa mkati mwake kubwera ku kamera. Fulashi yoikidwa pamwamba pa kamera, yowomba kutsogolo, imangodutsa n'kupita, n'kusiya timadontho toyera tonyezimira popanda mtundu. Choncho nyali yaikulu ya tiyi imaikidwa kumbuyo cham'mbali, ndipo munthuyo ayenera kukhala atajambulidwa ndi nyali yomweyo, pamalo omwewo. Fulashi zing'onozing'ono za mabatire zili ndi ubwino umene ambiri sadziwa: mphamvu yake ikatsitsidwa kufika pa 1/32 kapena 1/64, kung'anima kwake kumafupika mpaka kufika cha pa 1/10000 ya sekondi kapena kuposa. Kuwala kumachepa, inde, koma amakubwezera poyandikitsa fulashi, pokweza ISO pang'ono, kapena pophatikiza fulashi ziwiri. Nyali zina zikuluzikulu za situdiyo, zotchipa, zimang'anima mochedwa ndipo sizingaimitse dontho. Kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati, komanso kumunda kumene kulibe soketi, kafulashi ka mabatire kovekedwa jumbo yoonekera mkati n'kodalirika kuposa nyali ya nthambo. Nthambo ya magetsi ndi pansi ponyowa siziyenera kukumana.

Kumunda kuli mdani wina amene mu situdiyo mulibe: dzuwa. Makamera ambiri salola shata kuthamanga kuposa 1/200 kapena 1/250 ikamagwira ntchito ndi fulashi mwa nthawi zonse. Mumdima zilibe kanthu. Koma padzuwa, fulashi ikaimitsa dontho, dzuwa limapitiriza kulijambula likuyenda, ndipo dontho lililonse limatuluka ndi kamchira kachimbuuzi. Njira zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Mungajambule m'bandakucha kapena chakumadzulo dzuwa litapendeka, pamene fulashi imaposa kuwala kwa kumwamba. Nthawi yake ndi yochepa ndipo kuwala kumasintha mphindi iliyonse. Mungasiye fulashi n'kudalira dzuwa lokha, shata pa 1/4000 kapena 1/8000, dzuwa lili kumbuyo kwa munthu, nsalu yoyera ikubwezera kuwala kunkhope. Iyi ndiyo yotchipa, ndipo ngakhale foni yokhala ndi pro mode imatha kuyesako. Yachitatu ndi high-speed sync, imene imalola shata yothamanga koma imadya mphamvu ya fulashi ndi mabatire. Ine ndimakonda masiku a chiperoni, mu Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imaphimba phiri la Thyolo. Kuwala kumakhala kofatsa ndi kosasinthasintha, kubiriwira kwa masamba kumazama, ndipo kufiira kwa tiyi kumatumphuka pamwamba pake popanda kukokomeza pa kompyuta.

N'chifukwa chiyani kuvutika chonchi kumunda pamene tiyi angathe kuponyedwa m'chipinda, kutsogolo kwa nsalu yakuda? Chifukwa dontho lililonse ndi kalenzi. Limatenga zimene zili kuseri kwake n'kuzitembenuza chadodolido. Dontho lojambulidwa m'munda wa tiyi limanyamula mundawo mkati mwake, kubiriwira pamwamba, thambo pansi. Lojambulidwa m'chipinda limanyamula mdima wa nsalu ndi mawonekedwe a nyali. Woona sangathe kufotokoza chimene chalakwika, koma amamva kuti tiyiyo si wa pamalopo. Komanso tiyi akajambulidwa pamalo omwewo, kamera isanasunthe, ntchito ya pa kompyuta imachepa kwambiri: n'kungotsegula malo pamene tiyi ali n'kubisa kwina konse.

Pa kompyuta, chithunzi cha munthu chimakhala pansi, za tiyi pamwamba, chilichonse pa layer yake. Chida chachikulu ndi mask: pamene mwapaka choyera pamaoneka, pamene mwapaka chakuda pamabisika, ndipo palibe chofufutika mpaka kalekale. Kwa tiyi wojambulidwa pa nsalu yakuda, ambiri amathamangira ku Screen kapena Lighten, zimene zimachotsa mdima n'kusiya zowala. Zimagwira bwino pa madzi, koma tiyi amataya thupi, makamaka kumbuyo kukakhala kowala. Wojambulidwa pa choyera amayenda ndi Multiply, imene imasunga mtundu koma imapha kunyezimira. Odziwa amaika tiyi yemweyo kawiri kapena katatu, layer ina ya mtundu, ina ya kunyezimira, ina ya m'mphepete, n'kusakaniza mpaka zigwirizane. Warp ndi Liquify zimathandiza kupinda mchira wa tiyi kuti utsate mkono, koma mopitirira muyeso madontho ozungulira amasanduka ataliatali, ndipo chinyengo chimaonekera.

Zotsala ndi zazing'ono zimene zimadya maola. Tiyi wodutsa pafupi ndi tsaya amagwetsa mthunzi wofiirira, osati wakuda bii, chifukwa kuwala kwadutsa mkati mwake. Pamene wagunda nsalu payenera kunyowa. Mbali ina ya tiyi ipite kuseri kwa munthu, ina kutsogolo, kuti aoneke kuti ali mkati mwake osati kuti amumata pamwamba. Madontho oyandikira kamera achite chimbuuzi pang'ono, monga lenzi imachitira. Ndipo madontho onse anene nkhani imodzi ya kumene tiyi wachokera ndi kumene akupita. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi kuchulukitsa: mbali zonse zakhavukira, nkhope yamira, palibe chiwiya kapena dzanja limene lingafotokoze gwero lake.

Pali nkhani ya khungu imene sindikufuna kuidumpha. Tiyi wofiirira ndi khungu lakuda kapena lofiirira zimayandikana mtundu, ndipo pamene zakumana zimatha kusungunukirana. Yankho laulesi ndi kuyeretsa khungu pa kompyuta, ndipo ambiri amatero, ena mpaka munthu osazindikirika kwa abale ake. Yankho loona lili pa nyali. Kuwala kochokera kumbuyo kumajambula mzere wowala m'mphepete mwa tsaya, khosi ndi phewa, n'kulekanitsa munthu ndi tiyi. Nyali yaikulu yofatsa, yoyandikira, imatulutsa kunyezimira kumene kumaonetsa maumbidwe a nkhope yakuda. Wojambula amene wasamala zimenezi safunika kusintha khungu la munthu.

Za mapulogalamu ndingonena mwachidule. Photoshop amalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja, chinthu chovuta kwa wachinyamata wa pa Luchenza amene akungoyamba. GIMP ndi Krita n'zaulere, Photopea imagwira ntchito pa intaneti popanda kugula, ndipo zonsezi zili ndi layer, mask, Screen ndi Multiply. Pa foni, Snapseed ndi PicsArt zimatha kusanjikiza, ngakhale m'mphepete mwa madontho simutuluka bwino. Chosowa chenicheni si pulogalamu.

Njira yachidule ilipo, ndipo ndiyo yofala: kukopera pa intaneti chithunzi cha madzi okhavukira odulidwa kale, n'kuwapaka mtundu wofiirira. Kuyambira 2023 Photoshop ali ndi Generative Fill, imene imapanga madziwo kuchokera pa mawu olembedwa, m'masekondi ochepa. Sindikuona cholakwa kugwiritsa ntchito zimenezi poyeserera, poonetsa kasitomala maganizo ntchito isanayambe, kapena pa positala ya phwando. Koma madzi okopera anajambulidwa ndi nyali za munthu wina, ndipo ali ndi mwini wake. Lamulo la Copyright Act la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza zithunzi, ndipo wojambula amene amadandaula anthu akamaba ntchito yake asamabe ya mnzake. Choposa apo, ngati chithunzi chikutsatsa tiyi wa ku Thyolo, chimene chikuuluka m'chithunzimo chikhale tiyi wa ku Thyolo. Satemwa yokha imapanga mitundu yosiyanasiyana, wakuda, wobiriwira, woyera, oolong, ndipo aliyense ali ndi mtundu wake m'kapu. Kompyuta imene sinaonepo tiyi ameneyu imapereka kufiirira kwa tiyi aliyense wa padziko. Wogula amene anamwapo amadziwa kusiyana kwake.

Tsopano za munthu amene waima pakati. Jaroslav Wieczorkiewicz, wojambula wa ku Poland wokhala ku London, ndi mmodzi mwa amene anatchukitsa zovala za mkaka: amathira mkaka weniweni pathupi kambirimbiri, n'kulumikiza zidutswazo kukhala diresi. Mu 2014 zithunzi zake zinagwiritsidwa ntchito potsatsa mkaka wa Fairlife ku America, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti amayi a m'zithunzizo asandutsidwa nyambo yogulitsira chakumwa. Luso linali lapamwamba, palibe anatsutsa. Funso linali la ulemu. Ku Thyolo funsoli n'lolemera kuposa pamenepo, chifukwa tiyi ndi thukuta la anthu odziwika, okhala m'midzi yothinana m'malire a maesiteti, m'boma limene nkhani ya malo siinazizirepo chiyambire nthawi ya thangata. Ulimi wa tiyi umalemba ntchito anthu oposa 50,000 m'dziko muno nthawi ya dzinja pamene masamba achuluka. Malipiro awo ndiwo anachititsa kuti mu 2015 pakhazikitsidwe ndondomeko ya Malawi Tea 2020, ndipo mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zopereka mapaundi 2.3 miliyoni pa mlandu wa amayi 36 amene anadandaula za nkhanza zokhudza kugonana m'minda, ngakhale sinavomere kulakwa. Wojambula amene akulowa m'munda ndi jagi ya tiyi akulowa m'mbiri imeneyi, afune asafune.

Sindikunena kuti wothyola tiyi asajambulidwe mokongola. Ndikufuna ajambulidwe mokongola kuposa mmene zakhalira, ngati munthu amene dzanja lake limadziwa kusankha masamba awiri ndi kansonga mofulumira kuposa diso la mlendo. Tiyi wouluka kuchokera m'manja mwake angathe kunena zoona zimene chithunzi wamba sichinena: kuti chakumwa cha m'kapu ya ku Manchester chinayambira pa zala izi. Mlimi wamng'ono wa bungwe la Msuwadzi, amene amalima tiyi pamunda wakewake, angafune chithunzi chotere kuti atsatsire mbewu yake. Koma pali kusiyana pakati pa kujambula munthu ndi kumubwereka ngati chokongoletsera.

Kusiyanako kumaoneka pa kapemphedwe. Minda ndi ya eni, choncho chilolezo cha manijala chimafunika, koma manijala sangavomere m'malo mwa nkhope ya munthu wina. Kuvomera kumene mayi wapereka kapitawo ataima pambali pake si kuvomera kwenikweni, chifukwa akuganiza za ntchito yake ya mawa. Wojambula akambe naye padera, momveka: “Mayi, ndikupempha kukujambulani. Chithunzichi sichidzaoneka momwe tililimu, ndidzaonjezera tiyi akuuluka mokuzungulirani. Chikaikidwa pa mapaketi ndi pa intaneti, ndipo anthu akunja akachiona. Ngati simukufuna, palibe chimene chikuchitikireni.” Amuonetse chitsanzo pa foni, chifukwa mawu okha sapereka chithunzithunzi cha chinthu chimene munthu sanaonepo. Wothyola amene malipiro ake amadalira makilogalamu a pa sikelo akaima ola lathunthu, wataya ndalama, ndipo ziyenera kubwezedwa, pamwamba pa malipiro a chithunzicho. Ngati pakufunika kunyowetsa chovala, chikhale chimene wojambula wabweretsa, poti tiyi amathimbiritsa nsalu. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, loteteza zinthu zozindikiritsa munthu, ndipo pangano lolembedwa m'Chichewa, lowerengedwa mokweza kwa amene sawerenga, limateteza onse awiri.

Malire ena ndi a kumene chithunzicho chikupita. Pa paketi, pa kalendala, pa chionetsero cha zaluso, aliyense amadziwa kuti tiyi saima m'malere. M'nyuzipepala, pansi pa nkhani yonena za malipiro kapena za mvula, chithunzi chimalonjeza kuti izi zinachitika. Mu 2006 bungwe la Reuters linasiya kugwira ntchito ndi Adnan Hajj chifukwa choonjezera utsi pa chithunzi cha Beirut, ndipo mu 2015 mpikisano wa World Press Photo unachotsa pafupifupi chithunzi chimodzi pa zisanu zilizonse zimene zinafika chakumapeto, chifukwa chosinthidwa mopitirira. Choopsa pa zithunzi za tiyi si madontho, amene aliyense amaona kuti ndi oikidwa. Ndi zimene dzanja lomwelo limachotsa mwakachetechete: chigamba pa chovala, mapazi opanda nsapato, zipsera za m'manja. Kampani ikatenga chithunzi chotero n'kuchiika mu lipoti losonyeza mmene antchito ake akukhalira, chasanduka umboni wabodza. Wojambula alembe m'pangano ntchito imene chithunzi chaloledwa, ndipo chikatuluka m'magazini pansi pake palembedwe kuti ndi chosanjikiza.

Chithunzi chikatha, asanachitumize kwa kasitomala, wojambula abwerere nacho kwa mwini nkhope, chosindikizidwa papepala, osati pa foni pokha. Ulendo wochokera ku Limbe kukafika pa boma la Thyolo ndi wa makilomita pafupifupi 40. Mayi uja achione, aitane anzake achione, anene ngati dzina lake lilembedwe kapena ayi, ndipo ngati waona kuti tiyi wamuphimba pamalo pamene sakufuna, layer imeneyo isunthidwe kapena ichotsedwe.